Pepani wa Mfumu Chitamandeni

Pakati pa mapiri awiri, Sindinaone ndi Sindinamve, pali ufumu wotchedwa Zilibwino. Mukaufunafuna pa mapu simuupeza. Amene ankajambula mapu a dzikolo anagwa pa makwerero asanamalize, ndipo popeza ku Zilibwino munthu sagwa pantchito, boma likudikirabe kuti atsike.

Dzikolo linali ndi lamulo lokongola kwambiri, la makolo. Linkati munthu akavulala pantchito, mwini ntchito amulipirire chipatala, amusungire malo ake, ndipo amupatse chipukuta misozi. Lamuloli linkasungidwa m'galasi kunyumba yachifumu, ndipo alendo ochokera kunja akabwera ankalijambula zithunzi. Vuto linali lakuti nduna zonse za Mfumu Chitamandeni Wachitatu zinali ndi mafakitale, minda ndi magalimoto onyamula katundu. Kulifafaniza sakanatha, chifukwa alendo akanajambulanso chiyani? Choncho anagwirizana zongolisokerera kachigamba.

Nduna zinakhala masiku atatu zikuganiza, zikudya. Tsiku lachitatu a Zandiyendera, Nduna ya Ntchito ndi Kumwetulira, anaimirira, napukuta mafuta pachibwano.

"Mfumu ya mafumu," anatero, "munthu wosalakwa sapepesa. Tilembe kuti wovulala abweretse zinthu zitatu pasanathe masiku makumi awiri ndi limodzi. Kalata ya dokotala. Chidindo cha chala chake chachikulu chamanja pa fomu. Ndi pepani wotuluka pakamwa pa mwini ntchito, anthu akumva. Pepaniyo akasowa, ndiye kuti munthuyo anadzivulaza yekha chifukwa cha nsanje, achotsedwe ntchito."

"Nsanje ndi ndani?" inafunsa Mfumu.

"Ndi chitukuko, mfumu."

Nduna zinaomba m'manja mpaka mbale zinagwedezeka.

Koma aliyense akudziwa kuti pepani sadikira kuitanidwa. Munthu akapunthwa kutsidya kwa msewu, iwe uli kuno, sukumudziwa n'komwe, umangozindikira pakamwa pako payankhula kale. Anthu olemera anaona kuti chuma chawo chonse chapachikika pa kamawu kamodzi. Anatsegula sukulu. Mphunzitsi ankagwetsa mbale, kudzimenyetsa pachitseko, kudzithira tiyi wotentha pamwendo, ndipo ophunzira ankayenera kumuyang'ana ndi maso ouma n'kunena kuti, "Zimachitika." Wokhoza ankapatsidwa satifiketi ndi galimoto.

Motero pepani anasamuka kumpanda kwa olemera, nakakhala kumsika wa Tiyeseko, kumene anthu analibe choti n'kulandidwa. Kumeneko ankati ukafuna kudziwa ngati mnzako walemera, usamufunse, ungodzipunthwitsa patsogolo pake.

Tsopano sunthirani pafupi, chifukwa ichi ndi chinsinsi cha boma. Mfumu Chitamandeni inalephera sukulu imeneyi katatu. Ufumu inaupeza itakula kale, kudzera kwa amalume ake. Paubwana inaleredwa ndi mayi wamba, ndipo pepani inamuyamwira m'bere. Nduna zitaona kuti mutu wa Mfumu sukugwira, zinalemba ntchito mkulu wina woimba ng'oma, a Mbalule. Ntchito yawo inali kuyang'anitsitsa milomo ya Mfumu. Ikangokumana ngati ikufuna kunena "pe," iwo amenye ng'oma mwamphamvu kuti wina asamve. Koma milomo imakumananso ponena "ba" ndi "ma," ndiye zolankhula za Mfumu zinkakhala ng'oma yokhayokha, mawu apa ndi apo ngati nyama m'ndiwo za pamaliro. Anthu ankabwerera kwawo akunena kuti, "Lero Mfumu yayankhula bwino, tavina."

M'dziko limeneli munali mtsikana wina dzina lake Ndaziona. Anali wamtali, wa maso ofatsa, ndipo akamayenda pansi pa mitengo ya jakalanda ya mumsewu wa kufakitale, maluwa ankamugwera pamapewa ngati akumudziwa. Ankagwira ntchito ku Fakitale ya Nkhope, kumene ankadinda nkhope ya Mfumu pa zitenje. Mwezi umenewo makina ankathamanga kuposa masiku onse, chifukwa kunali kubwera chikondwerero cha Zaka Khumi Zopanda Ngozi, ndipo mayi aliyense m'dzikomo ankayenera kuvala chitenje chatsopano. Chitsulo chotchinga manja pamakina chinkachedwetsa ntchito, ndiye a Zandiyendera, amene aliyense ankawadziwa ngati eni fakitaleyo, anachichotsa n'kukachiika pakhomo la khola lawo la nkhuku.

Lachiwiri m'mawa, Ndaziona akuwongola nsalu yopindika, chitsulo chozungulira chinamukoka dzanja. Pamene anzake ankazimitsa makina n'kuti chala chake chachikulu chamanja chitapita.

Akazi onse a m'chipindamo anati pepani, ena akulira. A Zandiyendera anafika, nayang'ana dzanja, nayang'ana makina.

"Zimachitika," anatero. "Nsalu sinaonongeke?"

Nsaluyo inali ndi kadontho kakuda pansi pa diso lamanzere la Mfumu. Atayatsanso makina, kadonthoko kanapitiriza kutuluka pa chitenje chilichonse, pamalo omwewo. Kutaya nsalu zonsezo a Nduna sakanalola. Anathamangira kunyumba yachifumu n'kukanena kuti akatswiri awo awonjezera luso latsopano, lotchedwa Msozi wa Chifundo. Mfumu inachiyang'ana chitenjecho nthawi yaitali, ndipo inavomereza kuti ndithu ndi mmene imamvera mumtima.

Madzulo ake a Nduna anamupeza Ndaziona pabenchi ya chipatala, dzanja lili m'bandeji. Anabwera ndi kapitawo, pepala ndi inki.

"Mwana wanga, dinda apa, kuti tikuthandize msanga."

"Palembedwa chiyani, bwana?"

"Zachizungu. Zongoti unadzivulaza wekha, ndipo ukuthokoza."

Kapitawo anatsegula kabokosi ka inki, natambasula dzanja kuti agwire chala. Anafufuza kuno, anafufuza uko.

"Chala chili kuti?" anafunsa a Nduna.

"Afunseni makina anu, bwana. Ndi amene anali nacho komaliza."

"Ndiye dinda ndi chamanzere."

"Lamulo likuti chamanja. Ndamva kuti munalemba nokha."

A Nduna anapinda pepala lawo. Sanadandaule kwenikweni. Ngati chalacho sichikanatha kudinda pepala lawo, sichikanathanso kudinda fomu ya madandaulo. Iwo ankangofunika kudikira masiku makumi awiri ndi limodzi.

Ndaziona atatuluka m'chipatala anayamba kukhala pabenchi ya azakhali ake, a Nachisale, ogulitsa tomato pamsika wa Tiyeseko. Ntchito ya kufakitale ndi imene inkamudyetsa iyeyo ndi amayi ake odwala kumudzi, ndipo tsopano inkatha tsiku ndi tsiku ngati sopo m'madzi. Tsiku lachinayi, akusanja tomato ndi dzanja limodzi, anapeza pansi pa dengu kakalata kopindidwa kanayi, m'kati mwake muli duwa la jakalanda.

Kanalembedwa motere: "Musadinde kanthu kalikonse kamene simunawerenge. Bwererani kwa dokotala akupatseni kalata yokhala ndi tsiku ndi ola. Lembani maina a anzanu amene anaona, lero lomwe, asanayambe kuiwala kapena kuiwalitsidwa. Masiku akuyenda. Wokufunirani zabwino."

A Nachisale anakatembenuza kakalatako, nakanunkhiza.

"Ameneyu ndi mwamuna," anatero. "Mkazi akanalemba dzina kuti ukamuthokoze."

"Azakhali, ine chala chapita, inu mukuganiza za amuna."

"Chapita ndi chala, iwe, osati nkhope."

Dokotala anali munthu wabwino koma wamantha. Mawu akuti ngozi anali oletsedwa chaka chimenecho, ndiye anakhala nthawi yaitali akuluma cholembera. Potsiriza analemba kuti: "Chala chachikulu chamanja chasamuka Lachiwiri, nthawi ya 9 koloko m'mawa, chili pantchito. Sichidzabweranso." Anadinda, napuma ngati watsitsa thumba la chimanga.

Ndi kalatayo Ndaziona anapita ku Ofesi ya Madandaulo, imene inali kumapeto kwa mzinda, pamalo otchedwa Bweraninsomawa. Pakhonde panali anthu amene anabwera ali anyamata, tsopano akudandaulanso za msana. Kuseri kwa zenera kunakhala kalaliki wina woonda, wa malaya ochapidwa bwino koma otha pakolala, dzina lake Malizani. Ataona Ndaziona cholembera chinamugwa. Anachitola, chinagwanso.

"Kalata ya dokotala ili bwino, achemwali," anatero, akuyang'ana pathebulo. "Koma fomu ikufuna chidindo cha chala chachikulu chamanja."

Ndaziona anakweza bandeji ija pazenera.

"Pepani," anatero Malizani motsitsa mawu, nacheuka kuona ngati bwana wake wamva. Kenako analemba pakapepala ka ofesi mawu amene lamulo linkamuuza kulemba, nawanenanso pakamwa: "Bweraninso mawa."

Mawu amenewa ankawanena kwa anthu makumi asanu patsiku. Koma kwa Ndaziona anawanena ngati munthu amene akupempha.

Mawa lakelo mudengu munali kakalata kena, ndi duwa lina. "Lamulo silikunena kuti chala chikhalepo. Likunena kuti chidindo chikhalepo. Chala chanu chinatsanzika chisanapite. Yang'anitsitsani msozi wa Mfumu."

Ndaziona anawerenga katatu osamvetsa. Nthawi yomweyo mayi wina wonenepa bwino anawerama kusankha tomato, atavala chitenje chatsopano chija, nkhope ya Mfumu itatambasuka kumbuyo kwake konse. A Nachisale anazungulira benchi, namugwira mayiyo m'chiuno.

"Imani chomwecho, mayi, musadzuke."

"Kodi mwapenga?"

"Tikufuna kuona Mfumu yathu pafupi. Tomato awiriwo mutenge ulere."

Mayiyo atamva za ulere anaweramitsitsa. Ndaziona anayandikira. Msozi wa Chifundo unali ndi timizere tozungulirazungulira, ndipo pakati pake panadutsa kamzere kowongoka, chipsera cha mpeni umene unamucheka ali mwana akusenda chinangwa. Chala chake chinali chitadinda pa chitsulo chija chisanaphwanyike, ndipo chitsulocho chinachidinda pa chitenje cha mayi aliyense ku Zilibwino.

Anakhala pansi, misozi ili m'maso, koma akuseka.

"Azakhali, ndili pambuyo pa dziko lonse."

Anadula kansalu ka msoziwo, azakhali nakasokerera pa fomu ndi ulusi wakuda. Malizani anatulutsa buku limene Ndaziona anadindamo tsiku lolembedwa ntchito, nayerekeza zidindo ziwirizo ndi galasi lokuzira zinthu. Anaziyerekeza nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira. Kenako anati zikufanana, nalemba kuti abwerenso mawa.

Chinatsala ndi pepani.

M'masiku amenewo kunabwera pamsikapo mkulu wina wa imvi, akufunsa kumene amagulitsa mafuta opaka pamalo otupa. Dzanja lake lamanja linali lotupa pamfundo ngati mbatata, ndipo potulutsa ndalama anabuula.

"Pepani, bambo," anatero Ndaziona. "Chachitika n'chiyani?"

Mkuluyo anaima chilili.

"Mwati bwanji, mwana wanga?"

"Ndati pepani."

"Tabwerezaninso."

Ndaziona anabwereza. Mkuluyo anatseka maso ngati munthu amene wamwa madzi ozizira m'mwezi wa Okutobala.

"Ine ndine Mbalule, wa ng'oma ya kunyumba yachifumu. Zaka khumi ndakhala ndikupha mawu amenewa asanabadwe, mpaka dzanja lafika apa. Nditawaonetsa a Nduna anati zimachitika." Anayang'ana bandeji ya Ndaziona, nagwedeza mutu. "Nanunso pepani. Ife anthu a manja tili pamavuto."

Anagula mafuta ake napita.

Tsiku la makumi awiri, Ndaziona ndi azakhali ake anakadikira a Zandiyendera pachipata cha fakitale, ali ndi akazi asanu ndi mmodzi aja amene maina awo anawalemba. Anali atakonza misampha yambiri. A Nachisale anayenera kukomoka, ndipo zimenezo zikakanika, kukomokanso. Koma galimoto itaima, a Nduna anatsitsa galasi akumwetulira.

"Mukufuna pepani? Si nkhani. Pepani. Pepani kwambiri. Pepaninso, wina mukasunge." Anayamba kumuimba ngati nyimbo ya kwaya, akumenya chitseko cha galimoto ndi mphete, mpaka galimotoyo inalowa.

Akazi aja analulutira. Ndaziona anathamangira ku Bweraninsomawa mapazi osagunda pansi. Koma atamufotokozera Malizani, nkhope ya kalalikiyo inagwa. Anatsegula pakamwa, nayang'ana chitseko cha bwana wake chimene chinali chotsegula, natsekanso pakamwapo. Analemba pakapepala.

"Bweraninso mawa," anatero, "koma muyambe mwadzera kumsika."

A Nachisale atamva anasiya kuseka.

"Nyama ikatsika mtengo, funsa chimene chinapha ng'ombe," anatero. "Munthu wa satifiketi sapepesa chonchija."

M'mawa wa tsiku lomaliza, lomwenso linali tsiku la chikondwerero, kakalata kanali mudengu. Duwa munalibe, wolembayo anali pachangu. "Amene wapepesa si mwini. Ndi chifukwa chake sanaope. M'buku lalikulu la boma mwini fakitale analembedwa ndi dzina la paubwana, kuti anthu asamudziwe: Kamtedza. Ine sindikumudziwa. Buku litsekedwa dzuwa likalowa."

"Kamtedza," anatero a Nachisale pang'onopang'ono. Kenako anakhala pa dengu la tomato osazindikira. "Mwana wa Nasibeko. Amayi ake ankagulitsa zitumbuwa apo pali wa makala apo. Kamnyamata ka mamina, kokonda kulira. Ndinkakatuma madzi ine."

"Ali kuti tsopano?"

A Nachisale analoza chitenje chimene anavala.

Ndaziona anayang'ana nkhope ya Mfumu pachitenjepo, namvetsa. Kenako anatulutsa m'thumba timapepala ta ku ofesi tija, tonse tolembedwa "Bweraninso mawa," natiika pambali pa kakalatako. Chilembo cha "m" m'zonsezo chinali ndi kamchira kopindikira m'mwamba ngati ka mbuzi. Anatipinda bwinobwino n'kutibisa pachifuwa, osawauza azakhali ake. Zinsinsi zina zimakoma ukayamba wazisunga wekha.

Bwalo la chikondwerero linadzaza. Kulikonse kumene munthu akanayang'ana kunali nkhope ya Mfumu, ikulira ndi diso limodzi. A Zandiyendera anali atalamula kuti aliyense wa bandeji, ndodo kapena chipsera akhale kunyumba kuti asasokoneze chiwerengero. Koma akazi onse anavala mofanana, ndipo asilikali sakanatha kusuzumira pansi pa chitenje chilichonse, ngakhale ena anayesa. Ndaziona anafunda chake mpaka m'mapewa, nalowa pamzere wa antchito okapereka moni kwa Mfumu.

Mfumu inaimirira pa chimkuzamawu, a Mbalule ali pambali pake, timitengo tili m'manja.

"Anthu anga," inayamba. Milomo inakumana, ng'oma inalira. "Zaka khumi." Ng'oma. "Chitukuko." Ng'oma, ng'oma. "Ngakhale chala." Ng'oma yaitali. Anthu anavina pang'ono, nakhala pansi.

Kenako mzere unayamba kuyenda. Aliyense ankagwada, kupereka dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, n'kudutsa. Dzuwa linali litapendeka. Ndaziona ankamva mtima wake ukugunda m'chala chimene panalibe. Atafika, anagwada, napereka dzanja lamanzere.

Bwalo lonse linapuma mpweya. Mfumu inayang'ana dzanjalo ngati yapatsidwa chule.

"Kwanu kulibe akulu? Lamanja lili kuti?"

"Lili ndi manyazi, mfumu."

"Dzanja la nzika ya Zilibwino silichita manyazi. Litulutse."

Ndaziona anachedwa dala. Mfumu, pofuna kuonetsa alendo kuti imakonda anthu ake, inapisa yokha pansi pa chitenjecho, nigwira dzanjalo, nilifinya ndi chikondi chonse cha boma.

"Mayo," anatero Ndaziona, ndipo sanali kunamizira.

Mfumu inayang'ana pansi. Inaona bandeji, ndi magazi atsopano akutulukira pamene panayenera kukhala chala. Milomo yake inakumana. A Mbalule anaiona bwino lomwe. M'zaka khumi sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Anakweza timitengo m'mwamba, nayang'ana mfundo yawo yotupa, nayang'ana mtsikanayo. Timitengoto tinakhala m'mwamba momwemo.

"Aa, pepani mwana wanga," inatero Mfumu, pa chimkuzamawu, mawu ake namveka mpaka kuphiri la Sindinamve.

Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku limenelo anthu a ku Zilibwino anaona ndi maso tanthauzo lake.

Woyamba kutsitsimuka anali a Zandiyendera. Analumphira pa chimkuzamawu.

"Mfumu yathu ndi yachifundo, ikhoza kupepesa aliyense. Koma fakitale ndi yanga, ndipo ine ndinapepesa dzulo mongocheza."

Apo m'pamene anthu anaona kalaliki woonda akukwera masitepe, atakumbatira buku lalikulu ngati mwana wodwala. Pasitepe iliyonse ankaima n'kucheuka. Asilikali anamusiya, poganiza kuti munthu wamantha chotero ayenera kuti watumidwa. Malizani anatsegula bukulo, nayang'ana Ndaziona kamodzi kokha, nawerenga.

"Fakitale ya Nkhope. Woyang'anira, a Zandiyendera. Mwini, Kamtedza."

"Mwamva nokha," anatero a Nduna, akuseka mokakamiza. "Kamtedza ndani? M'dziko muno mulibe munthu wotero. Amene akumudziwa amuitane."

Pakati pa khamu a Nachisale anaimirira, namanga chitenje chawo bwino. Anaika manja m'chiuno, naitana ndi mawu aja amene mayi amaitanira mwana amene wasiya chidebe pachitsime n'kupita kokasewera.

"Kamtedza iwe!"

"Wawa," inayankha Mfumu, itacheuka kale.

Anthu anayang'anana. Kenako wina kumbuyo anatsokomola, wina anapisa nkhope m'chitenje, ndipo kuseka kunayenda m'bwalomo ngati moto wa m'tchire. Alendo ochokera kunja, amene sanamve kanthu, anajambula zithunzi.

Tisainyoze Mfumu Chitamandeni. Munthu salamulira zaka zonsezo osadziwa kugwa chagada n'kunena kuti akuyang'ana nyenyezi. Inakweza dzanja, anthu natonthola.

"Anthu anga, pepani ameneyu tinamukonza kalekale. Ndi mphatso yathu ya chikondwerero. Tinangofuna kuona ngati nduna zathu zili tcheru." Inayang'ana a Zandiyendera. "Sizili tcheru."

Dzuwa lisanalowe, Malizani analemba m'buku kuti zinthu zitatu zija zakwana. Ndaziona analipiriridwa chipatala, anapatsidwa chipukuta misozi chake, ndipo malo ake pantchito anamusungira. Chitsulo chotchinga chija chinabwerera pamakina chikununkha zitosi, ndipo nkhuku za a Nduna zinayamba kuonekera m'miphika ya anthu oyandikana nawo.

Nduna zinakhalanso masiku atatu. Zinalengeza kuti kuyambira tsopano kudzakhala Tsiku la Pepani kamodzi pachaka, pamene Mfumu idzapepesa dziko lonse pamodzi, pasadakhale, ng'oma zinayi zikulira. A Mbalule anapumitsidwa ntchito chifukwa cha ulesi wa dzanja. Malizani anachotsedwa pa mlandu waukulu kwambiri: chikhazikitsireni Ofesi ya Madandaulo, iye anali kalaliki woyamba kumaliza nkhani, ndipo zimenezi zinachititsa manyazi anzake.

Sabata yotsatira Malizani anaika kathebulo pamsika wa Tiyeseko, pafupi ndi benchi ya tomato, n'kuyamba kulembera anthu ovulala makalata. Mzere unkafika kwa wa makala. Woyamba kulembetsa anali a Mbalule. Wachiwiri anali mkulu wina woyendera ndodo ziwiri, amene anati kale ankajambula mapu. Malizani ankawauza onse zofanana: asadinde chimene sanawerenge, atenge kalata ya dokotala tsiku lomwelo, alembe maina a mboni, ndipo koposa zonse afufuze dzina limene bwana wawo ankaitanidwa nalo ali mwana. Amayi okalamba a pamsikapo anayamba kupatsidwa ulemu umene sanauonepo.

Loweruka lina masana, mzere utatha, Malizani anaimirira, nakonza kolala yake yakutha, nayenda mapazi asanu ofika pabenchi ya tomato. Ndaziona anali pomwepo, akuphunzira kumanga mfundo ndi zala zinayi. A Nachisale anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mawu ndi wa makala, koma anangosuntha pang'ono, khutu lili kuno.

Malizani anaika duwa la jakalanda pamwamba pa tomato.

"Achemwali, ndili ndi dandaulo."

"Mwavulala pati, a kalaliki?"

Malizani analoza pachifuwa.

"Munali pantchito?"

"Ndinali pazenera, inu mukudutsa, ngozi yanu isanachitike. Lachisanu, nthawi ya 10 koloko m'mawa."

"Kalata ya dokotala muli nayo?"

"Ayi."

"Mboni?"

"Ine ndinaona zonse," anatero a Nachisale, osacheuka.

"Ndiye mukufuna ndikupepeseni?"

"Ayi," anatero Malizani, cholembera chikumugwa m'thumba. "Ndikufuna ndidziwe kumene amalume anu amakhala."

Ndaziona anatola duwalo ndi dzanja lamanja, nalizunguza pakati pa zala zimene zinatsala. Kenako anapisa pachifuwa, natulutsa kamodzi ka timapepala ta ku ofesi tija, kofewa chifukwa chopindidwapindidwa, nakaika m'dzanja la Malizani, kamchira ka "m" kali m'mwamba.

"Bweraninso mawa," anatero.

Ndipo m'mbiri yonse ya Zilibwino, Malizani ndi munthu yekhayo amene anauzidwa mawu amenewa n'kubwerera kwawo akuimba mluzu.